Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Asodzi ndi Akafukufuku ku Liwonde



Tasonkhana m'mbali mwa Shire, koma ndiloleni ndiyambire ku Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi mitsinje ina imangothiramo, ndipo chimene chalowamo chalowa. Madzi amauma ndi dzuwa, koma jumbo saphwa. Amatsala m'matope, dzuwa n'kumamufumbutula pang'onopang'ono mpaka kusanduka tizidutswa tosaoneka ndi maso. Nsomba zimatimeza. Tsono ganizirani matemba: ndani pano amatumbula matemba? Timadya athunthu, mutu ndi matumbo omwe, ndipo timapatsa ana.

Chilwa idauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 tidaona mabwato atakhala pamtunda kwa Mposa. Timadziwa kuti makumba, milamba ndi matemba zimapulumukira m'maiwe a m'mitsinje n'kubwerera madzi akadzaza, chifukwa akatswiri a ku Chancellor College adayamba kuyeza nyanjayi m'zaka za m'ma 1960 ndipo sadaleke msanga. Ntchito yotereyi idathandiza kuti Chilwa ilowe m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Kuleza mtima komweko n'kumene ndikupempha pa nkhani ya pulasitiki.

Pa Kamuzu Barrage pomwepa, ogwira ntchito amavuula namasupuni kuti asakatseke makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mukapite mukayang'anitsitse muluwo. Mupezamo mabotolo, timapepala ta mafirizesi, matewera a ana, ngakhale zidutswa za maukonde. Zinyalala za ku Balaka nazo zimatsika ndi Rivirivi mvula yoyamba ikangogwa. Ndipo ogulitsa nyama akuuzani zimene amapeza m'mimba mwa mbuzi.

Lamulo lilipo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 mu 2015, ndipo Khoti la Supreme lidagamula mu 2019 kuti chiletsocho chiime. Komabe majumbo adapitirira kuuluka m'misika yathu. Zimenezi zimandipweteka mtima. Bungwe loteteza chilengedwe la MEPA lingalimbe bwanji pamaso pa opanga mapulasitiki ngati lilibe manambala ochokera kuno?

N'chifukwa chake ndikupempha makomiti a m'madoko, ma BVC athu a ku Chilwa, ku Chiuta ndi m'mbali mwa Shire: sankhani malo amodzi pa doko lanu. Mwezi uliwonse tolani zinyalala pamenepo, muzisiyanitse, muziike pa sikelo, mulembe m'kope tsiku ndi makilogalamu. Dzinja ndi chilimwe, osadumphitsa. Ana a sukulu angathe kuthandiza, bola akhale ndi magolovesi.

Kwa inu akafukufuku ndili ndi pempho limodzi lokha. Msodzi akakukwezani m'bwato lake, mukatunga madzi ndi kutenga nsomba zake kupita nazo ku labotale, mudzabwerenso. Mudzakhale pansi pa mtengo ndi anthu omwewa, muwauze m'Chichewa ndi m'Chiyao zimene mwapeza m'matumbo a matemba awo. Iwowa ndiwo eni madzi, ndipo ayenera kumva zotsatirazo asanazimve a ku Lilongwe.

Mafumu, makopewo ndawasiya m'manja mwanu.