Buku la Gone with the Wind ndi Asungwana Athu

Aphunzitsi anzanga, azibambo ndi azimai, asungwana athu a ku Kabwata ndi ku Chelstone akaŵerenga buku la Gone with the Wind, kodi tiwauzenji?

Bukuli analilemba Margaret Mitchell, ndipo linasindikizidwa m'caka ca 1936. Lisimba za Scarlett O'Hara, mwana wa mwini munda wa thonje wochedwa Tara, ku Georgia, pa nkhondo ya paciŵeniŵeni ya ku America, ya 1861 kufikira 1865. Pothaŵa moto wa ku Atlanta mu 1864, mkaziyo anapeza amace atamwalira, cakudya palibe; ndipo anathyola thonje ndi manja ace kuti a pabanja asafe ndi njala. Kulimba mtima kotere nkoyenera kutamandidwa.

Koma mundawo analima ndi akapolo, ndipo wolembayo awaonetsa monga okondwera nao ukapolo wao. Ife sitinganyengedwe. Tidziŵa za thangata m'minda ya Azungu ku Nyasaland. Tidziŵanso kuti John Chilembwe, amene anaphunzira ku Virginia, anatsogolera kuukira kwa 1915, mwa zina cifukwa ca nkhanza za ku Magomero.

Cotero tisawaletse bukuli, pakuti coletsedwa cikoma. Makamaka tiŵerenge nao pamodzi, ndi kuwafunsa kuti: mlezi uja wochedwa Mammy, dzina lace lenileni ndani? Buku lonse silichula. Mwana amene aphunzira kufunsa za munthu wosachulidwa dzina wayamba kuŵerenga mwanzeru.