Kamera Kapena Lenzi: Ndalama Yanu Ipite Kuti?

Funso limene likubwerabwera m'gulu lathu la WhatsApp ndi lakuti: Canon, Nikon kapena Sony, yabwino ndi iti? Koma musanafike pamenepo, yambani mwadzifunsa kuti mukufuna kujambula chiyani, kuti, komanso nthawi yanji. Mukayankha zimenezi mudziwa lenzi yokuyenerani, ndipo lenziyo ndi imene ikuuzeni kamera yoti mugule. Zida zonsezi zimachokera kunja, dola ikakwera mtengo nawo umakwera. Ena mwa inu mwasunga ndalama miyezi yambiri, ena mwalowa chipereganyu. Ndiye kugula molakwika kamodzi kokha ndi thukuta la chaka lotayika.

Tiyambe ndi ma megapixel, chifukwa ogulitsa amayambira pomwepo. Kuti chithunzi chituluke bwino papepala la A4 pamafunika ma megapixel osapitirira 9. Facebook nayo imachepetsa chithunzi chilichonse chimene mwaikapo. Canon 2000D ndi Nikon D3500, zonse za 2018, komanso Sony a6000 ya 2014, iliyonse ili ndi ma megapixel 24. Pamenepa palibe woposa mnzake, musataye napo tulo.

Kusiyana kwenikweni kuli pa lenzi, ndipo pali manambala awiri oti muwamvetse. Yoyamba ndi ya mamilimita. Ikakhala yaing'ono ngati 18mm, mumaona malo aakulu. Ikakhala yaikulu ngati 200mm, zakutali zimabwera pafupi. Yachiwiri ndi ya f, imene imanena kukula kwa bowo lolowera kuwala. Apa pamasokoneza pang'ono: nambala ikachepa ndiye kuti bowo lakula. Lenzi imene imabwera ndi kamera, ija ya 18-55mm, mukaikokera pa 55mm imathera pa f/5.6. Lenzi ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Ndi chifukwa chake mnzanu amajambula bwinobwino m'holo yamdima pamene zanu zikutuluka zosaoneka bwino, chonsecho kamera ndi zofanana.

Dziwaninso kuti makamera atatu ndatchulawa ali ndi sensa yaing'ono ya APS-C, osati ya full frame ija ya 36mm ndi 24mm. Choncho lenzi imaoneka ngati yatalika: pa Canon muchulukitse ndi 1.6, pa Nikon ndi Sony ndi 1.5. Ndiye 50mm pa Canon 2000D imaona ngati 80mm, ndipo 35mm pa Nikon D3500 imaona ngati 52mm.

Tsopano tiyende m'tauni mwathu muno tione zimenezi zikugwira ntchito.

Ku Old Town, mumsika waukulu ndi mu Malangalanga, njira ndi zothina, anthu ndi ambiri, ndipo pansi pa mashedi kuwala n'kochepa. Mukalowa ndi 50mm mudzafuna kubwerera m'mbuyo kuti munthu akwane, koma kumbuyoko kuli benchi la tomato. Apa 35mm f/1.8 ndiye mwini malo. Foni yabwino nayo masana imachita zodabwitsa, ndipo anthu saiopa ngati mmene amaopera chikamera chachikulu. Chinthu chimodzi chokha: pemphani kaye. Mayi wogulitsa usipa ali pantchito yake, mupatseni moni, mufotokoze, mukajambula mumuonetse.

Ku City Centre nkhani ndi ina. Nyumba ya Malamulo, BICC, chiliza cha Kamuzu ndi nsanja ya chikumbutso ya ku Area 18 ndi zinthu zazikulu zokhala pamalo otakasuka. Apa lenzi yonyozeka ija ya 18-55mm imakwana ndithu. Ikani pa 18mm, bowo pa f/8, mupite m'mamawa kapena dzuwa likupendeka. Masana dzuwa lili paliwombo mithunzi imakhala yakuda bii, ngakhale kamera ikhale yodula bwanji. Ndipo pa nyumba za boma funsani alonda musanatulutse kamera.

Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene zinkhoswe, ma bridal shower ndi maphwando a tsiku lobadwa amachitikira pakapinga, ndiye kwawo kwa 50mm f/1.8. Malo obwerera m'mbuyo alipo, ndipo lenziyi imaonetsa nkhope bwinobwino n'kufewetsa zakumbuyo. Mu September ndi October mitengo ya jacaranda ikachita maluwa, imikani munthu patsogolo pake mudzaone nokha. Amene mukufuna kuti kujambula kuzikupatsani kangachepe, yambani ndi imeneyi. Ndi imodzi mwa malenzi otsika mtengo kwambiri, koma ndi imene imabweza ndalama msanga.

Nanga okonda mpira wa pa Bingu National Stadium kapena mbalame ndi anyani a ku Lilongwe Wildlife Centre? Inu mukufunika yaitali, 55-250mm ya Canon kapena 70-300mm. Pa mpira shutter ikhale pa 1/1000, apo ayi wosewera atuluka ngati mzukwa. Pamenepa foni imagonja.

Tibwere ku kamera. Pali mitundu iwiri: DSLR, yokhala ndi kagalasi m'kati, ndi mirrorless, yopanda kagalasiko. Canon ndi Nikon anatulutsa RF ndi Z mu 2018, ndipo mphamvu zawo zambiri tsopano zili kumeneko. Mirrorless ndi yopepuka, imakuonetsani chithunzi mmene chitulukire musanadine, ndipo zatsopanozi zimatsata diso la munthu zokha. Koma imadya batire. Sony a6000 imajambula zithunzi pafupifupi 360 pa batire limodzi, pamene Nikon D3500 imapitirira 1,500. Kwathu kuno kumene magetsi amatha kuzima usiku woti mawa ndi ukwati, nkhani imeneyi si yaing'ono. Komanso popeza ambiri kunja akusamukira ku mirrorless, ma DSLR ogwiritsidwapo kale ntchito ndi malenzi ake achuluka. Canon EF inayamba mu 1987, Nikon F mu 1959, ndiye malenzi ake ali mbwee. Mukadzasamuka, adapter idzakulolani kupitiriza nawo.

Chenjezo kwa a Nikon: makamera a D3000 ndi D5000 ndi abale awo alibe mota ya focus m'kati. Mukagula 50mm f/1.8D chifukwa ndi yotchipa, muzidzapotokola focus ndi dzanja. Funani yolembedwa AF-S. Kwa a Canon, lenzi ya EF-S siilowa pa DSLR ya full frame, koma ya EF imalowa ponseponse.

Pogula yakaunjika, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Osatumiza ndalama pafoni musanaigwire m'manja. Pitani ndi memory card yanu komanso mnzanu wodziwa. Funsani shutter count. Makamera ang'onoang'onowa ambiri anapangidwa kuti afike cha pa 100,000. Unikani m'lenzi ndi tochi ya foni: kafumbi pang'ono si vuto, koma mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, isiyeni. Jambulani khoma loyera pa f/16 muone ngati sensa ili ndi madontho. Mukagula, musamasinthe lenzi pamphepo ya fumbi ya mu August, ndipo nthawi ya dzinja musaisunge m'chikwama chonyowa.

Ndiye mtundu uti? Funsani anzanu apafupi kuti ali ndi chiyani. Ngati ambiri m'kalabu muno ali ndi Canon, kugula Canon ndi nzeru, chifukwa muzibwerekana malenzi, mabatire ndi matchaja. Gulani kamera yapakatikati, ndalama yotsalayo ipite ku lenzi imodzi yabwino ndi batire lachiwiri.

Loweruka likubwerali tikumane m'mawa. Aliyense abwere ndi chimene ali nacho, kaya ndi foni. Tiyambira ku Old Town, tikathera ku City Centre, tizisinthana malenzi m'njira. Amene simunagule, yesani kaye za anzanu musanatulutse ndalama.