Timabowo ta Kunsi kwa Chitseko cha Galimoto

Mvula ikayandikira m'mwezi wa Novembala, eni magalimoto ambiri amakumbukira matayala, mabuleki ndi zopukutira galasi. Ndi owerengeka okha amene amagwada kuti aone kunsi kwa chitseko, kumene kuli timabowo tiwiri kapena titatu timene moyo wa chitsekocho wagonapo.

Chitseko cha galimoto si chitsulo chimodzi chogwirana ayi. Ndi malata awiri, lakunja ndi lam'kati, ndipo pakati pake pali mphako m'mene galasi limalowa munthu akalitsitsa. Labala wa m'munsi mwa zenera amangochepetsa madzi, sangawatchinge onse. Opanga magalimoto amadziwa zimenezi, motero anaboola kunsi kuti madzi olowera pamwamba azitulukira pansi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'chitseko cha galimoto, khwawa lake ndi timabowo timeneti.

Vuto limayamba m'chilimwe. Galimoto yoyenda m'misewu yafumbi imameza fumbi tsiku ndi tsiku, ndipo ikamagona pansi pa mtengo, tizidutswa ta masamba timagweramonso. Zonsezi zimaunjikana pansi pa mphako ija. Chizimalupsa chikagwa, fumbi lija limasanduka matope, matopewo nkutseka timabowo. Kuyambira pamenepo mvula iliyonse imasiya madzi ake m'chitseko, ndipo amakhalamo mpaka nyengo ya dzinja itatha mu Epulo.

Chitsulo chikakhalitsa pa chinyezi ndi mpweya chimachita dzimbiri. Dzimbiri la mtundu umenewu ndi loopsa chifukwa limayambira m'kati, pamene malata awiri aja anawapinda ndi kuwalumikiza, malo amene diso silifika. Mwini wake amapukuta galimoto kunja mpaka kunyezimira, osadziwa kuti kuseri kwa penti chitsulo chikudyeka ngati mtanda wa denga umene walowa chiswe. Pamene penti iyamba kutupa ngati matuza m'munsi mwa chitseko, ndiye kuti lata laboka kale. Chinyezi chomwecho chimaumitsa zitsulo zokwezera galasi, ndipo m'magalimoto a masiku ano chimaononganso mawaya ndi kamakina ka magetsi kotsitsira galasi.

Chizindikiro choyamba chimamveka ndi khutu. Chitseko chikamachita khuvukhuvu ngati chigubu pochitsegula kapena poima mwadzidzidzi, muli madzi.

Mankhwala ake safuna ndalama. Mwini galimoto atsegule chitseko, agwade, ndi kufufuza timabowo m'mphepete mwa kunsi. Atenge kamtengo kosongola, kachidutswa ka nsungwi kapena ka pulasitiki, atokose pang'onopang'ono mpaka matope atagwa. Msomali kapena waya sizoyenera, popeza zimakanda penti ndi kutsegulira dzimbiri khomo lina. Akatero akweze galasi, athire madzi a m'ndowa kunja kwake, ndi kuyang'ana pansi. Madzi akamatuluka msanga pa bowo lililonse, ntchito yatha. Achite chimodzimodzi pa zitseko zonse, mvula isanayambe, pakati pa dzinja, ndiponso atayenda ulendo wa m'matope.

Pali zolakwa ziwiri zofunika kuzipewa. Ena akaona timabowo timeneti amatimata dala, poganiza kuti ndimo mumalowera fumbi. Potero amasandutsa chitseko kukhala mtsuko. Cholakwa china chimachitika ku galaja: chitseko chikawongoledwa pambuyo pa ngozi, zomatira ndi penti yatsopano nthawi zina zimatseka timabowo. Tsono munthu polandira galimoto yake kwa amisiri, asaone kusalala kwa kunja kokha, koma awerame ndi kuona ngati njira ya madzi ili yotseguka.

Mlimi wanzeru amalambula ngalande ya kuseri kwa nyumba mitambo isanade. Mwini galimoto naye ali ndi ngalande zake, zazing'ono koposa, kunsi kwa chitseko chilichonse. Kuzitokosa kumatenga mphindi zochepa, pamene chitseko chodyeka ndi dzimbiri chimafuna mmisiri wowotcherera kapena kugula china.