Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsanzikana ndi Ophunzira Opita ku Liwonde



Mawa kusanache ana awa akwera basi kupita ku nkhalango ya Liwonde. Ndacheza nawo panja paja, ndipo ambiri andiuza kuti njovu amangoiona m'buku. Ine kamba wa paulendo amene ndawabweretsera ndi nkhani ya ku Rwanda, kumene ndinakaona anyani akuluakulu aja otchedwa gorila.

Tinanyamukira ku Kinigi, pafupi ndi tawuni ya Musanze, m'munsi mwa mapiri a Virunga. Tinadutsa minda ya mbatatesi, n'kuwoloka mpanda wamiyala wotchinga njati, kenako n'kulowa m'nsungwi. Matope ofika m'mawondo, masamba oyabwa, chisanu chonga cha pa Nyika. Titayandikira, wotiperekeza anatiuza kuti tisiye ndodo, zikwama ndi zakudya. Ndiye anayamba kung'ung'udza chapakhosi, pang'onopang'ono. Nditamufunsa, anandinong'oneza kuti akudziwitsa eni malo kuti tabwera mwamtendere. Mumtima ndinati: uyutu akuodira! Kwathu sulowa pakhomo pa munthu usanati odi, ndipo kumeneko nako mwambo ndi womwewo.

Mwini khomo anali chimphongo chamsana wotuwa, cholemera ngati matumba atatu kapena anayi a chimanga. Chinatiyang'ana kamodzi kokha, n'kupitiriza kusenda mphukira ya nsungwi ndi zala zokhala ndi zikhadabo zonga zathu. Chapambali mayi ankayamwitsa, dzanja lina atachirikiza mutu wa khanda. Ndinakumbukira malemu mayi anga ali pamkeka. Palibe aliyense wa ife amene anayankhula.

Alendo amaloledwa asanu ndi atatu okha pa banja limodzi la agorila patsiku, ndipo amakhala ola limodzi basi. Wodwala chimfine amabwezedwa, ngakhale atalipira madola 1,500 amene dzikolo limalipiritsa, chifukwa matenda athu amawagwira ndipo amatha kuwapha. Yaikazi imabereka kamodzi pa zaka pafupifupi zinayi, ndiye mwana mmodzi akafa ndi maliro aakulu.

Mu 1981 agorila a m'mapiri a Virunga anatsala pafupifupi 250. Dian Fossey, mayi wa ku America amene anakhazikitsa malo ofufuzira a Karisoke mu 1967, analimbana ndi alenje osaloledwa mpaka iye anaphedwa mu 1985. Lero, tikaphatikiza ndi a m'nkhalango ya Bwindi ku Uganda, agorila a m'mapiri aposa 1,000.

Mafumu anga, apa ndikuyankhula ndi inu. Mfuti za alonda pazokha sizikanawapulumutsa. Boma la Rwanda limabweza magawo 10 pa 100 alionse a ndalama za alendo ku midzi yozungulira nkhalango, n'kumangira masukulu, zipatala ndi matanki a madzi. Ena mwa onyamula katundu wa alendo kale ankatchera misampha. Ndipo kuyambira mu 2005, chaka ndi chaka pamachitika mwambo wa Kwita Izina, wotcha mayina ana a gorila monga timachitira khanda likatuluka m'chikuta. Chimene wachitcha dzina suchitchera khwekhwe. Sindikunyoza misozi ya mlimi amene njovu zamudyera munda usiku umodzi. Ululu umenewo ndi weniweni. N'chifukwa chake ndimanena poyera kuti mudzi woyandikana ndi nyama uyenera kukhala woyamba kulawa phindu lake.

Ifenso tili ndi zotinyaditsa. Liwonde, yemwe African Parks inayamba kumuyang'anira pamodzi ndi boma mu 2015, anali wodzaza misampha. Njovu zinachuluka moti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mikango inabwerera ku Liwonde mu 2018. Chimandiwawa n'chakuti mlendo amachoka ku London kudzaona mvuu za mu Shire, pamene mwana wobadwira ku Machinga sanapondeko pachipata cha nkhalangoyo.

Ana anga, mawa inu ndinu alendo, nyama ndizo eni khomo. Musakuwe, musatulutse mikono pawindo, musaponyere anyani chakudya, ndipo musatsike m'galimoto mlonda asanalole. Mukaona njovu yokhala ndi kamwana, khalani duu, muione mmene ikukankhira mwanayo ndi chitamba kuti abisale pakati pa miyendo yake. Aliyense atenge kope ndi pensulo, alembe nyama ndi mbalame zimene waona, chifukwa Lolemba ndidzabweranso kudzamva.

A mphunzitsi wamkulu, ana awa ndawapereka m'manja mwanu. Muyende bwino, Mulungu akutsogolereni.