Thumba la Odwala: Mawu a Atumiki pa Chikondwerero cha Zaka 50



Komiti ya chikondwerero itatipatsa ife atumiki nthawi yoti tilankhule, ena anayembekeza kuti tifotokoza za njerwa, malata ndi mabenchi. Zimenezo anzathu azinena kale, ndipo azinena bwino. Ife tabwera ndi kabuku kamodzi kachikuto chakuda kamene timasiyirana atumiki akamasinthana, kabuku ka thumba la odwala. Tikufuna tikambirane nanu za kumene thumbali lachokera, zimene lingathe, ndi zimene silingathe ngakhale titalikonda chotani.

Makolo amene anayamba mpingo uno anachokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, ena ku Malawi, nadzamanga m'komboni ino imene inatenga dzina la Mtaliyana uja Marrapodi. Masiku amenewo, m'boma la a Kaunda, munthu sankalipira pachipatala cha boma. Choncho thumba lawo silinali la mankhwala ayi. Linali la basi yopitira ku UTH, la sopo, la phala la wodwala ndi la nsima ya mayi amene ankagona pansi m'mbali mwa bedi. Mu 1993 boma linayambitsa malipiro m'zipatala, ndipo zinagwirizana ndi zaka zija zimene edzi inatilanda anthu ambiri ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere. Amayi achikulire amene muli pano mukukumbukira mmene munkayendera khomo ndi khomo ndi mabeseni ndi magolovesi. Mu 2012 malipiro a m'makiliniki anachotsedwa m'dziko lonse, ife tinapumako.

Koma aliyense amene wadwazapo akudziwa kuti kulembetsa ulere si kuchira ulere. Dokotala amakuonani bwinobwino, kenako amakupatsani kapepala kuti mankhwala awa mukagule ku famasi, sikani iyi mukajambulitse kwina, magazi awa mukapimitse ku labu. Matenda amene akutivuta lero ndi a BP, shuga, sitiroko, impso ndi khansa, ndipo amenewa satha ndi jekiseni imodzi. Amadya ndalama mwezi ndi mwezi mpaka nyumba itayera.

Pali chinthu china chimene kabuku kathu kamationetsa, ndipo tichinena ngakhale lero ndi tsiku la chisangalalo. Uthenga wa maliro ukangomveka, dzuwa lisanalowe tenti yaima, makala afika, ufa wafika, ndalama za bokosi ndi za basi yopita ku Chingwere zasonkhedwa. Pa zimenezi Marapodi sitigonja kwa aliyense. Koma munthu yemweyo ali moyo, pamene ankafuna ndalama ya sikani, pepala lake linazungulira masabata atatu osadzaza. Timafulumira kugula bokosi kuposa kugula mankhwala. Sitikuloza chala munthu. Ifenso atumiki tili momwemo.

Chaka chatha mayi wina wa m'gawo lathu limodzi, wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika, anauzidwa kuti akufunika opaleshoni. Anayamba ndi ndalama za oda, zitatha anatenga za chilimba nthawi yake isanakwane, kenako anagulitsa firiji. Pomaliza mwana wake anakatenga kaloba, ndipo mukudziwa mmene kaloba imaberekera. Pamene nkhani inatipeza ife, thumba linali ndi ndalama zongokwanira mayendedwe ndi chakudya cha sabata imodzi. Tikuyamika Mulungu kuti mayiyo anachira ndipo ali nafe m'chikondwerero chino, koma tebulo lake la pamsika lili ndi mwini wina tsopano. Atilola kuti tinene zimenezi popanda kutchula dzina.

Nkhani imeneyi itachitika, achinyamata ena anabwera kwa ife ndi ganizo. Anamva kwa abale awo okhala ku America kuti kumeneko kuli mabungwe a Akhristu amene amagawana mabilu a kuchipatala m'malo mogula inshuwalansi. Anati bwanji ifenso tiyambe chotero, tisamadalire boma kapena makampani. Tinalilandira ganizolo ndi ulemu, ndipo tinakhala pansi kulifufuza.

Mabungwewo alipodi. Odziwika kwambiri ndi Christian Healthcare Ministries, Medi-Share ndi Samaritan Ministries, ndipo akhalapo zaka zoposa 30. Membala amapereka gawo lake mwezi uliwonse, ndipo wina akadwala, ndalama za anzake zimalipira bilu yake. Ku Samaritan Ministries ndalamazo zimatha kuchoka kwa membala kupita kwa wodwalayo mwachindunji, pamodzi ndi kakalata ka chilimbikitso ndi pemphero. N'zokongola, ndipo zikufanana ndi zimene mtumwi Paulo anauza Agalatiya za kunyamulirana zothodwetsa. Anthu amawakonda chifukwa zopereka zake kawirikawiri zimachepa poyerekeza ndi inshuwalansi ya ku America, imene ndi yodula koopsa.

Koma mabungwe omwewo amalemba poyera m'mapepala awo kuti iwo si inshuwalansi, ndipo salonjeza mwalamulo kuti bilu yanu idzalipidwa. Ambiri amaika malire pa matenda amene munthu anali nawo kale asanalowe, kutanthauza kuti wa shuga ndi wa BP, amene akufunitsitsa thandizo, ndiye amayamba kutsalira kunja. Ndipo mu 2021 bungwe lina lotere, Sharity Ministries, linagwa, mamembala ake n'kutsala ndi mabilu osalipidwa. Dzina lachikhristu silinawabwezere ndalama zawo.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi za kwathu kuno. Tiyerekeze kuti mabanja 200 a mpingo uno avomera kupereka K20 mwezi uliwonse, osaphonya ngakhale mmodzi. Imeneyo ndi K4,000 pamwezi, K48,000 pachaka. Zikumveka zambiri tikazitchula m'tchalitchi. Koma munthu mmodzi yekha akafuna makina otsuka impso kangapo pa sabata, kapena awiri akafuna opaleshoni mwezi umodzi, thumba lonse lauma, ndipo wachitatu tidzamuuza chiyani, iye atapereka mokhulupirika chaka chonse? Mabungwe a ku America aja ali ndi mamembala zikwi mazanamazana, komabe ena amalephera. Ife tili m'komboni imodzi, timamwa madzi amodzi, ndipo kolera ikabwera imatigwira tonse nthawi imodzi, monga tinaonera mu 2017 ndi 2018, ndiponso kumayambiriro kwa 2024 pamene bwalo la Heroes, pafupi pomwepa, linasanduka chipatala. Palinso lamulo: wogulitsa inshuwalansi m'Zambia ayenera kukhala ndi laisensi ya bungwe la Pensions and Insurance Authority. Mpingo ulibe laisensi imeneyo, ndipo sitikufuna kulonjeza nkhosa za Ambuye chinthu chimene sitingakwaniritse.

Chifukwa chake tinawayankha achinyamata kuti thumba lalikulu loposa la mpingo uliwonse lilipo kale, ndipo ambiri a ife sitinalowemo. Tikunena NHIMA. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lake mu 2018, ndipo zopereka zinayamba mu October 2019. Amene muli pantchito yolembedwa mumaona pa pepala la malipiro kuti akudulani 1 peresenti, ndipo abwana anu amaonjezapo 1 peresenti ina. Wolandira K3,000 amadulidwa K30. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti khomo ndi lotsegukanso kwa ife a pamsika, a kantemba, a salaula, oyendetsa minibasi, omanga nyumba ndi ogwira mapisiweki. Munthu amalembetsa yekha ndi NRC yake, amapereka mwezi ndi mwezi ngakhale kudzera pafoni, ndipo amalembetsanso mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osafika zaka 18, mpaka pa chiwerengero chimene malamulo ake amalola. Lamulo limanenanso kuti okalamba opitirira zaka 65, olumala osatha kugwira ntchito, ndi amene a Social Welfare awalemba kuti ndi ovutikitsitsa, asamapereke. Komabe ayenera kulembetsa, chifukwa dzina losalembedwa silioneka pa kompyuta ya kuchipatala.

Sitinatumidwe ndi a NHIMA, ndipo sitikuuzani kuti zonse zili bwino kumeneko. Manyuzipepala akhala akulemba za kuchedwa kwa malipiro opita ku zipatala ndi mafamasi, ndipo si mankhwala onse kapena chithandizo chonse chimene chili pa mndandanda wawo. Mizere iliponso. Koma thumba limeneli amaponyamo anthu a dziko lonse, aphunzitsi, asilikali, a m'migodi ya ku Copperbelt ndi a m'mabanki, athanzi ndi odwala pamodzi, ndipo lili ndi lamulo kumbuyo kwake. Thumba lathu la mabanja 200 lilibe zonsezi.

Alipo ena pakati pathu amene Mulungu wawadalitsa, amene angathe kugula inshuwalansi ya kampani kuti azipita ku zipatala zolipira. Sitikuletsani. Tingokupemphani kuti musanasaine mufunse ngati kampaniyo ili ndi laisensi, mufunse malire a ndalama zimene angakulipireni pachaka, mufunse ngati matenda amene muli nawo kale akuwalandira, ndipo mufunse kuti mudzadikira miyezi ingati musanayambe kuthandizidwa. Funso lomalizali mukalifunsenso ku NHIMA polembetsa. Musadikire kuti mutu uyambe kuwawa ndiye muthamangire kukalembetsa, ndipo musasiye miyezi ikudumpha osapereka, chifukwa khadi logona silithandiza pa tsiku la tsoka. Ndipo abale, pulani ya maliro si pulani ya chipatala. Tapeza mabanja angapo amene amalipira mokhulupirika ya bokosi, akuganiza kuti ndi yomweyo idzawagoneka m'wodi.

Tamvanso mawu akuti kulembetsa inshuwalansi n'kuitana matenda, kapena n'kuchepa chikhulupiriro. Abusa adzatiphunzitsa mozama pa nthawi yake, ife tingokumbutsa za Msamariya wa pa Luka 10. Iye atamanga mabala a munthu uja, anamutengera kunyumba ya alendo, nasiya ndalama m'manja mwa mwini nyumba, nalonjeza kuti zikapitirira adzalipira pobwera. Anakonzeratu za mawa a wodwala. Mipingo imene inabweretsa Uthenga kwathu kummawa inamanganso zipatala, St Francis ku Katete, Nyanje ku Sinda, Mwami kufupi ndi Chipata, ndipo ambiri a inu munabadwira mmenemo. Anthu amenewo ankapemphera kuposa ife, koma ankagulanso mankhwala.

Nanga thumba lathu lithe? Ayi ndithu. Libwerere ku ntchito imene makolo analiyambira, ntchito imene NHIMA sidzaigwira. Khadi silidzalipira takisi ya pakati pa usiku yopita ku Chipata Level One kapena ku Matero. Silidzaphikira ana otsala pakhomo mayi awo atagonekedwa ku Levy Mwanawasa. Silidzagula matewera a gogo wa sitiroko, kapena kukhala naye masana kuti mpongozi wake apiteko kumsika. Nthawi ya kolera ija chithandizo ku Heroes chinali chaulere, koma klorini, zidebe ndi ufa wa mabanja otsala zinachokera m'kabuku aka.

Tikufuna kuonjezapo ntchito imodzi yatsopano, ndipo bwalo la akulu lativomereza kuti tiibweretse kwa inu. Pali amasiye ndi agogo olera adzukulu amene sanafike zaka 65 ndipo sali pa mndandanda wa boma, koma sangathe kupereka mwezi ndi mwezi. Tikupempha kuti thumba liziwalipirira zopereka zawo za NHIMA. Ndalama imene ikanatha tsiku limodzi pa famasi ingasunge banja lonse m'thumba lalikulu kwa miyezi. Atumiki a gawo lililonse ndiwo adzabweretsa maina, ndipo mainawo sadzawerengedwa kutsogolo kuno.

Tikudziwa kuti ndalama za mpingo zimadanitsa. Zaka zapitazo thumba lomweli linabwerekedwapo kuti munthu akaonjezere bizinesi, ndipo silinabwerere lonse. Tinataya ndalama, tinatayanso banja limene linachita manyazi n'kusiya kubwera. Choncho ndalama zidzakhala ku banki, osati kunyumba kwa msungichuma. Potulutsa padzafunika masaini a anthu awiri, mmodzi wa atumiki ndi mmodzi wa amayi a Chigwirizano. Miyezi itatu iliyonse tidzaima pano kunena zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Thumbali silikongoza, ndipo silikulonjeza kulipira bilu ya munthu aliyense. Amene muli m'magulu a village banking mukudziwa kale kusiyana kwa ndalama zokongozana ndi kathumba ka mavuto; ili ndi kathumba ka mavuto ka mpingo wonse.

Kwa achinyamata amene munabweretsa ganizo lija, ntchito yanu ilipo. Agogo anu ambiri sadziwa kudina manambala pafoni, ndipo ena NRC yawo inang'ambika kalekale. Masabata anayi akubwerawa, mapemphero akatha, padzakhala tebulo pakhonde la ofesi. Inu mudzakhala pamenepo ndi mafoni anu, ife tidzakhala ndi kabuku. Aliyense abwere ndi NRC yake, ya mkazi kapena mwamuna wake, ndi makadi a ana a sikelo kapena zikalata zawo za kubadwa. Amene muli pantchito ndipo amakudulani kale, bweraninso tione ngati banja lanu linalembedwa, chifukwa tapeza abambo amene akhala akudulidwa zaka zingapo koma mkazi ndi ana sali pa khadi. Envulopu ya buluu imene mwaipeza m'kabuku ka chikondwerero ndi ya thumba la odwala, ndipo mukhoza kuipereka kwa mtumiki wa gawo lanu Sabata lililonse mwezi uno.