Chiphaso ndi Nambala ya Foni Nachonso ndi Chuma

Mafumu, makhansala, amayi ndi abambo a m'mawodi a Chikwawa ndi Nsanje:

Kale wofuna kudziwa za munthu ankayamba wagwada kwa anyakwawa. Masiku ano mbiri ya munthu ikuyenda pa foni. Mu 2017 bungwe la NRB lidalemba Amalawi m'kaundula wa ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 simukhadi iliyonse idayenera kulembetsedwa. Chiyambire pamenepo, chiphaso ndi nambala ya foni ndizo khomo lolowera ku ndalama za pa Airtel Money ndi Mpamba.

Chigwa cha Shire chili pa chiopsezo chapadera. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adazoloweretsa anthu kulembetsa mayina kuti alandire thandizo. Akathyali akudyera pomwepo. Amatumiza uthenga pa WhatsApp kapena Facebook wonena kuti munthu wasankhidwa, kenaka n'kupempha chithunzi cha chiphaso ndi nambala yachinsinsi. Makampani ena obwereketsa ndalama pa intaneti nawo amafuna chilolezo choona mayina onse a m'foni, ndipo ngongole ikachedwa amavutitsa abale a wobwereka. Chithunzi cha chiphaso chikagwa m'manja olakwika, wina angathe kutsegulira simukhadi yoberapo anthu, mlandu n'kugwera mwini dzina.

Lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act, lidayamba kugwira ntchito mu June 2024, ndipo woliyang'anira ndi bungwe la MACRA. Lamuloli likupatsa nzika iliyonse ufulu wouzidwa chifukwa chimene kampani ikutengera mbiri yake, wofunsa zimene yasunga, wokonzetsa zolakwika, wopempha kuti zifufutidwe, komanso wokadandaula ku MACRA.

Komabe lamulo silingalondere foni ya munthu aliyense. Mlimi wa thonje ku Ngabu, msodzi wa ku Elephant Marsh ndi mayi wa geni pa Bangula ayenera kusunga zinthu zitatu. Nambala yachinsinsi sapatsa munthu, ngakhale ejenti kapena wodzitcha wogwira ntchito ku kampani ya foni. Uthenga wa thandizo uyambe watsimikizidwa kwa amfumu, komiti ya VDC kapena ku khonsolo. Woberedwa akanene msanga ku kampani yake ya foni ndi kupolisi, osachita manyazi.

Makomiti a VDC ndi ADC aike nkhaniyi pa misonkhano yawo, ndipo achinyamata odziwa mafoni awerengere agogo awo mauthenga asanayankhe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula: wopempha chiphaso ayambe wafotokoza kuti ndi yani, akuchifuniranji, ndipo achisunga kufikira liti.