Kuyesa Mtunda wa Ulendo wa Ndege

Funso lakuti kucokera ku London kufika ku Johannesburg ndi mamailosi angati liri ndi mayankho awiri, ndipo mphunzitsi wosawasiyanitsa asokeretsa ana ace.

Yankho loyamba ndilo njira yacidule koposa, mamailosi monga 5,600. Mtunda umenewu suyesedwa bwino ndi rula pa mapu a pakhoma, pakuti dziko liri lobulungira, ndipo pepala lilitambasula mosayenera. Uyesedwa ndi cingwe cokokedwa pa mpira wosonyeza dziko lapansi.

Yankho laciwiri ndilo njira imene ndege idzeradi. Pa 2 May 1952 ndege ya Comet inanyamuka ku London ndi apaulendo 36. Posakhoza kusenza mafuta okwanira ulendo wonse, inatera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone. Motero inayenda mamailosi oposa 6,700 m'maola osakwana 24. Ndege za makono zipita kosatera panjira, m'maola monga 11.

Cifukwa cace mwana akafunsa, mphunzitsi asafulumire kuchula nambala. Ampatse cingwe, mwanayo ayese yekha njira zonse ziwiri, nafotokozere anzace kumene mamailosi 1,100 oonjezawo acokera.